Kumene Mother's Day inachokera, ndi m'mene mwiniwake anadzadana nayo

Ambiri tikamva za Mother's Day timangoganiza za makadi, maluwa ndi zithunzi za pa Facebook, koma tsikuli linayamba ngati mwambo wokumbukira mayi mmodzi yekha basi, Ann Reeves Jarvis a ku America, ndipo ntchito imene mayiwa ankagwira inali ya ukhondo wa pakhomo, mkaka wa makanda ndi kudwazika matenda.

Mayi Jarvis anabadwa mu 1832 ku Culpeper m'chigawo cha Virginia, anakwatiwa mu 1850 ndi bambo Granville Jarvis nkukakhala kumapiri a kumadzulo kwa chigawocho, dera limene pano ndi West Virginia. Anabereka ana oposa 10 koma amene anakula ndi 4 okha, enawo anapita ndi chikuku, taifodi ndi diphtheria, matenda amene nthawi imeneyo ankangosesa ana m'midzi. Munthu wina akanangokhala pansi nkumalira ndipo palibe akanamunena, koma iwo mu 1858 anayamba kusonkhanitsa azimayi anzawo m'magulu otchedwa Mothers' Day Work Clubs ku Grafton, Webster, Philippi ndi Pruntytown. Mchimwene wawo James Reeves anali dokotala nde ndi amene ankawathandiza nzeru, azimayiwo nkumayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za ukhondo, kuyendera mkaka ndi zakudya, kusonkha ndalama zogulira mankhwala, mpaka kulemba ntchito azimayi oti azithandiza pakhomo pamene mayi wagona ndi TB. Zonsezi osalandira kanthu.

Kenako nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 inafika, ndipo dera lawolo linali pakatikati penipeni, anthu a mudzi umodzi ena kumbali ya Union (ya kumpoto) ena ya Confederate (ya kum'mwera). Mayi Jarvis anauza magulu awo kuti asatenge mbali, msilikali aliyense wodwala asamalidwe posayang'ana yunifolomu. Nkhondo itatha chidani sichinathe ayi, mu 1868 iwo anakonza Mothers' Friendship Day ku Pruntytown kuti anthu amene ankaomberana akumane pamodzi ndi mabanja awo. Kwa ine apa ndi pamene pamaoneka kulimba mtima kwa mayiwa, chifukwa kusonkhanitsa anthu oti aphelana abale si nkhani yamasewera. Pamwamba pa zonsezi anaphunzitsanso Sande sukulu zaka zambirimbiri pa tchalitchi cha Andrews Methodist Episcopal ku Grafton.

Anamwalira pa 9 May 1905 ku Philadelphia, kumene anasamukira kwa ana awo bambo atamwalira mu 1902.

Nde apa ndi pamene pakubwera mwana wawo Anna, wobadwa mu 1864. Iye ankanena kuti ali mtsikana anamva mayi ake akupemphera m'kalasi ya Sande sukulu kuti tsiku lina padzapezeke munthu woyambitsa tsiku lokumbukira amayi, ndipo maliro atatha nkhaniyo anaitenga ngati ngongole. Pa 10 May 1908 mwambo woyamba unachitika pa tchalitchi cha ku Grafton chija, Anna anatumiza maluwa oyera a carnation okwana 500 chifukwa ndi amene mayi ake ankawakonda, tsiku lomwelo kunalinso msonkhano waukulu mu holo ya sitolo ya John Wanamaker ku Philadelphia. Analemba makalata osawerengeka kwa andale, abusa ndi anyuzipepala, a Senate, nthambi ya nyumba ya malamulo ya America, anakana kaye mu 1908, koma West Virginia inavomera mu 1910 ndipo mu 1914 pulezidenti Woodrow Wilson analengeza kuti Lamlungu lachiwiri la May likhale la amayi dziko lonse la America.

Mkangano unayamba tsikulo litangotchuka. Ogulitsa maluwa anaona mwayi, mitengo ya carnation nkumakwera May akamayandikira, a makadi ndi a maswiti nawonso osatsalira. Anna zinamunyansa kwambiri, iye ankafuna munthu apite kukaona mayi ake kapena awalembere kalata ndi dzanja lake, khadi yosindikiza kale ankaiona ngati ulesi. Anayamba kuopseza anthu ndi makhoti, kumema anthu kuti asagule maluwa, mu 1923 anakalowerera msonkhano wa opanga maswiti ku Philadelphia osaitanidwa, ndipo mu 1925 apolisi anamumanga chifukwa chosokoneza msonkhano wa American War Mothers, bungwe limene linkagulitsa carnation pofuna kupeza ndalama zothandizira ntchito zake. Taganizani, ngakhale mabungwe achifundo sankawasiya.

Koma chilungamo chake Anna nayenso anali ndi mbali yake pa nkhaniyi. Amene anamuthandiza poyamba anali mwini sitolo yaikulu, ndipo duwa anasankha ndi iye mwini, nde a bizinesi akanalekeranji? Chinanso chimene anthu sakonda kutchula nchakuti zimene mayi ake ankachita zinali za azimayi kutuluka m'nyumba nkukagwirira ntchito mudzi wonse, pamene tsiku la Anna linabwerera m'nyumba, aliyense kuthokoza mayi ake ake. A maluwa asanafike nkomwe, mbali ya ntchito yodzipereka ija inali itayamba kale kuiwalika.

Ndalama zake zambiri zinathera pa nkhondo imeneyi, ndipo mu 1943 anafika poyendetsa chikalata choti anthu asaine kuti tsikulo lithetsedwe, koma sizinaphule kanthu. Anamwalira pa 24 November 1948 ku chipatala chosungirako odwala ku West Chester, Pennsylvania, maso atasiya kuona komanso alibe ndalama, sanakwatiwepo ndipo analibe mwana. Tchalitchi cha ku Grafton chija mu 1962 anachisandutsa malo a chikumbutso otchedwa International Mother's Day Shrine, ndipo mayiko ambiri anatengera deti la mu May lomwelo.