Zimene kafukufuku wa ku Sweden anapeza pa za opaleshoni yosintha ziwalo zachimuna kapena zachikazi

Muno mu Lilongwe, ikabuka nkhani ya anthu osautsika mumtima chifukwa thupi lawo silikugwirizana ndi mmene amadzionera ngati mwamuna kapena mkazi, ena amatchula kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2011, n'kumati opaleshoni yosintha ziwalo imachititsa anthu kudzipha. Kumeneku n'kumva molakwika.

Kafukufukuyo anatsata anthu 324 amene anachitidwa opaleshoniyi pakati pa 1973 ndi 2003, ndipo n'zoonadi kuti odzipha anachuluka. Komatu anawayerekeza ndi anthu ena wamba a m'dzikomo, osati ndi anzawo a vuto lomwelo amene sanachitidwe opaleshoni, choncho sangasonyeze ngati opaleshoniyo inawonjezera kapena kuchepetsa imfazo. Ofufuzawo analangiza kuti anthuwa azipitiriza kusamaliridwa m'maganizo ndi m'thupi opaleshoni ikatha.