PlayStation 2 yakale: mayankho kwa ofuna kugula ndi kwa amene akudandaula

Chikhazikitsireni lamulo loti sitibweza ndalama pa makina a PlayStation 2 (PS2) opsa ndi magetsi, anthu akhala akubwera ku shopu yathu ku Ulongwe ndi mafunso omwewomwewo, ena kuchokera ku Domwe ndi ku Tsangano. Tawayankha pano kuti aliyense awerenge asanatulutse ndalama.

Kodi makinawa akupangidwabe?

Ayi. Sony inayamba kuwagulitsa mu 2000 ndipo inasiya kuwapanga kumayambiriro kwa 2013. Ngakhale muwapeze m'bokosi lonyezimira, kawirikawiri anagwirapo kale ntchito.

Ndigule yaikulu kapena yopyapyala?

Zitengera mmene mudzaigwiritsire ntchito. Yaikulu, imene ambiri amaitcha fat, kawirikawiri ndi ya manambala SCPH-30000 mpaka 50000, olembedwa pa kapepala komatidwa pa makinawo. Ili ndi fani yaikulu, komanso kumbuyo kwake kuli malo oikamo hard drive kudzera pa network adapter, kachipangizo kolumikizidwa kumbuyoko. Kwa amene muli ndi kanyumba kosewetsa ana magemu a mpira kuyambira m'mawa mpaka usiku, makamaka kumunsi ku Moatize ndi mumzinda wa Tete kumene kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, timakulangizani imeneyi. Masewero akamachokera pa hard drive, lenzi yowerenga disiki imapuma. Vuto lake ndi kathireyi kolowetsa disiki: kalamba ka mphira kamene kamakakoka kamatamuka, thireyi n'kumakana kutuluka. Kusintha kalambako n'kosavuta.

Yopyapyala, slim, inatuluka mu 2004 ndipo manambala ake ndi 70000, 75000, 77000, 79000 ndi 90000. Ndi yopepuka, yokwanira pakhomo posewera maola awiri kapena atatu. Ilibe malo a hard drive yam'kati. Anthu amati adzagwiritsa ntchito fulashi, koma mabowo a USB a PS2 iliyonse ndi a mtundu wakale wa 1.1, ndiye kanema wa m'gemu amadukaduka. Limeneli si vuto loti tingakonze.

Ndinangolumikiza kumagetsi, inaphulika n'kutulutsa utsi. Bwanji mukukana kubweza ndalama?

Funso ili ndi limene lautsa mkangano, choncho tifotokoza mwatsatanetsatane. Magetsi a kuno ndi a 220V. Nambala yomaliza ya SCPH imasonyeza dziko limene makinawo anapangidwira: 0 ndi Japan, kumene magetsi ndi 100V, 1 ndi America, 120V, 3 ndi Britain ndipo 4 ndi mayiko ena a ku Ulaya, kumene magetsi amafanana ndi athu. Ndiye SCPH-39004 mutha kuilumikiza pakhoma mosaopa, koma SCPH-39001 imapsa nthawi yomweyo ngati palibe thiransifoma yotsitsa mphamvu. Mwamwayi nthawi zina fyuzi yokha ndi imene imaduka, koma kawirikawiri bolodi yonse ya magetsi imawonongeka.

Pa makina amene tagulitsa ifeyo, lamulo lathu lili motere. Ngati ndi a 100V kapena 120V, timalemba zimenezo pa lisiti ndipo wogula amasayina. Akapsa, sitibweza ndalama, koma tingasinthe bolodiyo mwini wake atalipira chipangizo chokha popanda ya ntchito. Ngati pa lisiti sitinalembe chenjezolo, kulakwa n'kwathu ndipo timakupatsani makina ena. Ngati makinawo ndi a 220V koma apsabe m'masiku 7 oyamba, timayamba tawatsegula kuti tione. Apa sitingalonjezeretu chilichonse, chifukwa mphezi ya m'dzinja kapena magetsi obwerera mwamphamvu atazima amasiya zizindikiro zofanana ndi za bolodi yotha yokha. Tikalephera kusiyanitsa, timagawana mtengo wokonzera pakati. Tikudziwa kuti ena sakhutira nazo, koma sitingathe kupitirira pamenepo. Makina ogula kwina, kaya kumsika wa kumalire kapena otumizidwa ndi achibale ku Joni, timakonza polipiritsa basi.

Nanga pa sola?

Slim za 70000 mpaka 79000 zili ndi adaputa yapadera yotulutsa 8.5V. Musazilumikize molunjika ku batire ya 12V ngakhale kamutu ka chingwe kakulowa bwinobwino, ndipo musagwiritse ntchito chaja ya laputopu. Dutsitsani pa invata ndi adaputa yake yeniyeni. Ya 90000 ndi fat zili ndi bolodi ya magetsi m'kati, ndiye werengani kaye kapepala komatidwa kunsi kapena kumbuyo kwake.

Chithunzi chikutuluka chopanda mitundu. Makinawo ndi owonongeka?

Kawirikawiri ayi. Makina a ku America ndi Japan amatulutsa chithunzi cha mtundu wotchedwa NTSC, pamene ma TV ambiri akale a kuno amalandira mtundu wina wotchedwa PAL. Dziwaninso kuti disiki ya PAL siwerengedwa m'makina a NTSC osasinthidwa.

N'zoona kuti slim ina imene munagulitsa inakanda madisiki?

N'zoona, zinachitika. Pansi pa disiki pali kachingwe kopyapyala ngati riboni kamene kamayenda ndi lenzi. Guluu wake akatha mphamvu, kachingweko kamatukuka n'kumakhudza disiki ikamazungulira, ndipo kamasiya mzere wozungulira bwino ngati wojambula ndi kampasi. Disiki yotero nthawi zambiri sichira. Tsopano timayang'ana kachingweka pa slim iliyonse tisanaigulitse, ndipo amene anagula kwa ife abwere nayo timumatire kapena kumusinthira kwaulere. Madisiki okandikawo sitilipira, chifukwa sitingadziwe mmene analili poyamba. Mukaona kamzere koyamba, zimitsani makinawo pomwepo.

Bwanji mumati 90000 si ya aliyense, pamene ndi yatsopano kuposa zonse?

Lenzi yake nthawi zambiri imakhala isanatope, ndipo kwa wosewera madisiki enieni ndi yabwino ndithu. Koma ambiri amafuna memori khadi ya Free McBoot, pulogalamu yothandiza kuyendetsa magemu a pa fulashi kapena pa hard drive, ndipo khadi imeneyi siyamba yokha pa 90000 zambiri zopangidwa kuyambira chakumapeto kwa 2008. Onani date code, nambala ndi chilembo zosonyeza nthawi imene makinawo anapangidwa, pa kapepala kakunsi: 8A ndi 8B zimalola, 8C zina zimalola zina ayi, 8D kupita m'tsogolo zimakana. Dziwaninso kuti ife sitiika magemu pa fulashi kapena pa hard drive ya munthu.

Kodi ndingayese ndisanalipire?

Inde, ndipo timakupemphani kutero. Lowetsani madisiki atatu: yakunsi kobiriwira ngati thambo, imene ndi CD; yakunsi kwasiliva, imene ndi DVD; ndi yakuda ya PlayStation yoyamba. Lenzi yofooka imatha kuwerenga mtundu umodzi n'kukana wina, n'kulemba Disc Read Error. Siyani gemu iyende mphindi 20 kuti makina atenthe, popeza ena amayamba bwino n'kuima pambuyo pake. Yesani padi yosewerera m'mabowo onse awiri, ndipo sungani gemu pa memori khadi mbali zonse ziwiri. Khadi yeniyeni ya Sony ndi ya 8MB; zolembedwa 64MB kapena 128MB si zake ndipo zimakonda kutaya zosungidwa. Makina akamaiwala tsiku ndi nthawi, ndi kabatire ka CR2032 kam'kati kamene katha, nkhani yaing'ono.

Mumalandira makwacha kapena kulipira pang'onopang'ono?

Timalandira metikali, pamanja kapena pa M-Pesa ndi e-Mola. Mutha kupereka theka kuti tikusungireni makina kwa masiku 30, koma amachoka pashopu mukamaliza kulipira, ndipo masiku 7 aja amayamba kuwerengedwa tsiku limene mwawatenga.