Mfuti ya m'chiuno mukaimika galimoto: glove box si malo ake

Ndimaphunzitsa kagwiridwe ka mfuti kuno ku Gauteng, ku South Africa, ndipo funso lomwe silisowa m'kalasi ndi loti nanga ndikafika malo oti salola mfuti, ngati ku khothi kapena ma ofesi ena, ndiisiye pati? Ambiri amayankha okha ndisanatsegule pakamwa, akuti mu glove box, kabokosi ka pa dashibodi kaja, kapena pansi pa mpando. Ayi ndithu abale anga, malo awiri amenewo ndi omwe wakuba amayambira kupisa dzanja akangoswa windo, ndipo kaloko ka glove box kaja sikalimba, sikuludilaiva imodzi basi katseguka.

Lamulo la kuno ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya chaka cha 2000. Mwachidule limati mfuti ikhale pathupi panu kapena poti mukuiyang'anira inuyo, apo ayi itsekeredwe mu safe yovomerezeka. Galimoto yokhoma payokha si safe. Ma safe a mfuti ali ndi muyezo wake, SANS 953-1, ndipo ya m'galimoto ndi ija amati B3, yongosungira kwa kanthawi kochepa. Imamangidwa ndi mabawuti ku chitsulo cha galimoto pamalo osaonekera, osati kungoikhazika mu buti ngati katundu, chifukwa ikakhala yosamanga wakuba anyamula bokosi lonse nkukaliswa kwawo mosapupuluma. Amene wakumangirani akupatseni kalata yake, muisunge bwino, tsiku lina apolisi adzaifuna.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si bokosi, ndi mphindi ija mukuchotsa mfuti m'chiuno. Munthu wafika pa parking ya mall, watsika, wakweza shati, wasolola mfuti poyera, watsegula buti nkuwerama kwa nthawi ndithu, kenako wanyamuka. Aliyense amene wakhala m'galimoto ina apo akudikira waona zonse ndipo akudziwa kuti mutenga ola lathunthu mkatimo. Chitani zimenezi musanafike, imani pena pabata, zitseko zokhoma, mukatero mupite kokaimika ngati munthu wamba opanda kanthu. Ndipo mfutiyo musaitulutse mu holster, kachikwama kake ka m'chiuno kaja, chotsani zonse pamodzi, chifukwa holster yolimba imaphimba trigger, kachitsulo kokoka powombera, pomwe mfuti yamaliseche mukuitembenuza mothinana pakati pa chiwongolero ndi lamba wapampando ndi mmene anthu amadziombera pa ntchafu. Pogula safe muyese kaye ngati mfuti ikulowa ndi holster yomwe. Ngati mukufuna kuchotsa zipolopolo chitirani kunyumba modekha, m'galimoto mulibe koloza mfuti kotetezeka.

Kenako kukhoma. Ku Joni kuno remote jamming ndi yodziwika, mumadina rimoti mukuyenda osacheuka, wina chapafupi wadinanso yake kutchinga siginolo, galimoto siikhomeka, amangotsegula chitseko bwinobwino osaswa kalikonse. Mukadina bwererani mukoke chitseko ndi dzanja, buti nayonso. Kiyi wa safe asatsale m'galimoto momwemo, ayende ndi inu. Ndipo zomata zija za makampani a mfuti pa windo lakumbuyo zimatulani, holster yopanda kanthu kapena bokosi la zipolopolo pa mpando nazonso zimauza wodutsa kuti muno muli chinachake.

Usiku mfuti isagone m'galimoto, ngakhale muli mu mpanda, ngakhale mwatopa bwanji. Ku America bungwe la Everytown litaunika malipoti a apolisi a 2022 linapeza kuti mfuti zoposa theka mwa zomwe zinabedwa zinatengedwa m'magalimoto, ndipo malo omwe zinabedwa kwambiri kunali pakhomo. Palinso ana, mwana amakwera m'galimoto kukasaka masiwiti kapena chaja ndipo amapisa paliponse. Ineyo ndimalangiza kuti ngati mukudziwa kale kuti tsikulo lonse muli kumalo osalola mfuti, isiyeni mu safe ya kunyumba, kapena imbani foni mufunse, malo ena ali ndi posungira mfuti pa geti.

Ikabedwa muli ndi maola 24 oti mukanene ku SAPS, polisi ya kuno, kuchedwa ndi mlandu pawokha. Akapeza kuti munaisiya mosasamala ndi mlandu winanso ndipo mutha kulengezedwa kuti simuyenera kukhalanso ndi mfuti. Kwa ife a kumudzi izi zimalemera kawiri, poti laisensi ya mfuti kuno imafuna nzika kapena wa permanent residence, ndipo ambiri buledi wathu ali ku ntchito za sekyurite komwe mbiri ya mlandu imatseka zitseko. Nambala ya mfuti ndi kope ya laisensi muzisunge kwina osati m'galimoto, chifukwa ku polisi adzayamba kufunsa zimenezo.