Sikani siwotcha mwana, chomwe chimapha n'kuchedwa

Sabata siitha ndisanamve funso lomweli m'chipinda chojambulira: "Adokotala, makinawa sawotcha mwana?" Amenewo bola afunsa. Ena amangojomba tsiku lomwe anawalembera ku sikelo, n'kudzatulukira mimba ili ya miyezi isanu ndi itatu, funso lawo n'kukhala limodzi basi, loti ndi mwamuna kapena mkazi.

Sikani, kujambula koonera mwana m'mimba kuja, si X-ray. Mulibe cheza m'menemo, muli phokoso. Khutu la munthu limalekera pa phokoso lonjenjemera ka 20,000 pa sekondi, pomwe mleme umamva kupitirira apo. Kachipangizo kamene ndimayendetsa pamimba panu kamanjenjemera ka mamiliyoni 3 mpaka 5 pa sekondi, n'chifukwa chake simumva kanthu. M'mutu mwa kachipangizoka muli tizidutswa tolimba ngati mwala, tokhala ndi khalidwe lodabwitsa: mukatipatsa magetsi timanjenjemera, mukatifinya timatulutsa magetsi. Zofinyazi anazitulukira pachibale pawo Jacques ndi Pierre Curie ku Paris mu 1880, akuyesa miyala ngati ya quartz. Kalaita koyatsira mbaula ya gasi kaja kongoti "tha!" n'kuthetheka popanda batire kamagwira ntchito mwa njira yomweyo.

Tizidutswato timatumiza phokoso m'thupi, kenako timakhala chete kumvetsera. Phokosolo limayenda m'minofu pafupifupi mamita 1,540 pa sekondi, likagunda mutu wa mwana kapena khoma la chiberekero limabwerera n'kufinya tizidutswa tija. Kompyuta imawerengera nthawi yomwe latenga, n'kujambula chithunzi. Jeli wozizira uja si mankhwala, musamandifunse ngati alowa m'magazi. Timapaka kuti pasakhale mpweya pakati pa khungu ndi kachipangizo, chifukwa mpweya umabweza pafupifupi phokoso lonse.

Ndipo izi si zadzulo. Dokotala wa amayi Ian Donald wa ku Glasgow anayamba ndi makina omwe amisiri ankafufuzira ming'alu m'zitsulo za kufakitale, ndipo analengeza zomwe anapeza mu 1958. Chiyambire pamenepo amayi osawerengeka ajambulidwa. N'zoona kuti phokoso lamphamvu likakhalitsa pamalo amodzi limatenthetsako minofu pang'ono. Makina amatisonyeza mlingo wake, ndipo n'chifukwa chake sitijambula mongosangalatsa munthu. Koma mwana wopsa ndi sikani sindinamuonepo.

Amene ndinamuona ndi mayi wina wachitsikana, ndipo sandichoka m'mutu. Anadumpha mwezi kawiri, kenako anayamba kumva kupweteka mbali imodzi ya chinena ndi kudontha timagazi takuda. Namwino wa kuchipatala chaching'ono cha kwawo anamulembera kalata yoti akajambulidwe tsiku lomwelo. Apongozi ake anati ayi, mimba yaing'ono chonchi siunikidwa, ingasungunuke. M'malo mwake anamutengera kwa munthu wina pa msika, wa makina aja ogwiritsa kachitsulo m'manja olumikizidwa ku laputopu, amene amati amaona "thupi lonse" m'mphindi ziwiri. Anamuuza kuti ali ndi mafuta m'chiwindi ndi magazi akuda, n'kumugulitsa mabotolo awiri. Patapita masiku anayi anamubweretsa kwa ife atamunyamula, milomo yayera, thukuta lili kamukamu, akudandaula kuti phewa likumupweteka. Nditangoika kachipangizo pamimba, chiberekero chinali chopanda kanthu, ndipo mozungulira monse munali bii, magazi okhaokha. Mimba inakhala m'chubu chomwe dzira limadutsa popita m'chiberekero, chubucho n'kuphulika. Anapulumuka atamuchita opaleshoni ndi kumuika magazi, koma chubucho chinapita. Kalata ya namwino ija inali ikadali m'buku lake la kuchipatala, itapindidwa bwinobwino.

Kachitsulo ka m'manjako sikatumiza phokoso lililonse m'mimba, ndipo sikangaone chiwindi, chiberekero kapena mwana. Sikani yeniyeni imafuna jeli, imayenda pakhungu pamalo pomwe tikufuna kuona, ndipo chithunzi chimasuntha pomwepo inu mukuona. Munthu akakuyezani mutavala zovala zanu zonse, kenako n'kutulutsa mankhwala ogulitsa pansi pa tebulo, nyamukani muzipita.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi aliyense woyembekezera ajambulidwe kamodzi milungu 24 isanakwane. Nthawi imeneyo ndi pomwe timawerenga bwino msinkhu wa mimba ndi kudziwa ngati ali mapasa. Mukabwera kumapeto, ana amakhala atasiyana makulidwe, ndiye tsiku lochira lomwe ndingakupatseni limatha kuphonya ndi milungu itatu. Zoti ndi mwamuna kapena mkazi ndidzakuuzani ngati wagona moonekera, koma maso anga amayamba aona mtima, nsengwa pomwe yakhala, ndi madzi.

Mukauzidwa kuti mumwe madzi ndipo musakodze, mverani, chifukwa chikhodzodzo chodzadza chimakankha matumbo ndi kutitsegulira njira yoonera mimba yaing'ono. Koma ngati mwadumpha mwezi ndipo mukumva kupweteka mbali imodzi, mukutaya magazi, kapena mukuchita chizungulire mukaimirira, musadikire tsiku la sikelo, musadikirenso kuti abambo abwere kuntchito. Kwerani kabaza, mukafika muuze namwino wa pakhomo mawu awa: "Ndadumpha mwezi, ndipo m'mimba mukupweteka mbali imodzi."