Mota zokankhira kalavani ku Britain: lamulo la kulemera ndi kasankhidwe kake

Amene ali ndi kalavani (kanyumba kogonamo kokokedwa ndi galimoto) ku Britain akudziwa kuti kuikoka pamsewu si kovuta ngati kuilowetsa pampata wothina wa pakhomo kapena kuiimika bwino pamalo ogonera. N'chifukwa chake ambiri amaikitsa motor mover, makina oyendetsa kalavani popanda galimoto. Musanafunse za mtengo kapena dzina la kampani, yambani mwawerenga kachitsulo kolembapo kulemera komwe kali pafupi ndi chitseko cha kalavani yanu, chifukwa lamulo lagona pamenepo.

Kodi motor mover imagwira bwanji ntchito?

Ndi mamota amagetsi, awiri kapena anayi, omangiriridwa ku chesisi pafupi ndi matayala. Mota iliyonse ili ndi rola, kachitsulo kobulungira komanso kokhakhala, komwe kamapanikiza tayala n'kulizunguza. Moto umachokera ku batire la 12V la m'kalavanimo, inu n'kuima panja ndi rimoti m'manja, galimoto mutaimasula kale. Tayala lina likamapita kutsogolo linzake likubwerera m'mbuyo, kalavani ya ekiselo imodzi imatembenukira pamalo pomwepo. Imayenda pang'onopang'ono kuposa munthu woyenda pansi, ndipo mukangochotsa chala pa batani imaima.

Pali lamulo lonena za mota zimenezi?

Palibe chiphaso chapadera chomwe mufunika kuti muiike kapena kuigwiritsa ntchito pakhomo panu. Lamulo limene limakukhudzani ndi la kulemera. Kalavani iliyonse ili ndi manambala awiri. MTPLM ndi malire a kulemera kwake konse itadzaza katundu, ndipo kudutsa pamenepo pamsewu ndi mlandu. MiRO ndi kulemera kwake monga inachokera ku fakitale. Mukachotsa MiRO pa MTPLM, chotsalacho ndiye katundu amene mwaloledwa kuikamo, ndipo mover imawerengedwa ngati katundu, ngakhale itaikidwa ndi amene anakugulitsani kalavaniyo.

Tiyerekeze kuti kachitsulo kakuti MTPLM ndi makilogalamu 1,450 ndipo MiRO ndi 1,295. Mwatsala ndi 155. Mover ya mamota awiri imalemera makilogalamu pafupifupi 30, ina kupitirirako. Batire lalikulu la mtovu limapitirira 20, ndipo pa makalavani ambiri silinawerengeredwe mu MiRO. Buku la kalavani yanu likuuzani. Musanaikemo poto kapena bulangete, mwatsala ndi makilogalamu pafupifupi 100 basi. Onjezani tenti yokhoma m'mbali, mipando, mbale, zovala za anthu anayi ndi zakudya mufiriji. Mabanja ambiri amadutsa malire osadziwa, chifukwa kalavani ili ndi makabati ochuluka kuposa zimene imaloledwa kunyamula.

Nanga ndikadutsa malire chimachitika n'chiyani?

Apolisi kapena a bungwe la boma loona za magalimoto la DVSA ali ndi mphamvu yokuimitsani n'kupita nanu pa sikelo. Chindapusa cha pompopompo chimayambira pa £100 kufika £300 malinga ndi momwe mwapitiririra, ndipo mukapitirira kwambiri nkhani imakafika kukhoti. Angakuletseninso kupitiriza ulendo mpaka mutatsitsa katundu. Chimene ine chimandidetsa nkhawa koposa chindapusacho ndi matayala ndi mabuleki: anapangidwira kulemera kwinakwake, ndipo tayala la kalavani likaphulika pa msewu waukulu wa motorway muli ndi ana m'galimoto, zimakhala zoopsa. A inshuwalansi nawonso angathe kuvuta kulipira akapeza kuti munali mutadzaza mopitirira.

Njira yodziwira zoona ndi imodzi: pakirani kalavani monga mumachitira popita kutchuthi, mupite nayo pa sikelo ya magalimoto yomwe aliyense amaloledwa kugwiritsa ntchito. Tsamba la boma la GOV.UK limathandiza kupeza yapafupi nanu, ndipo malipiro ake ndi ochepa.

Kodi MTPLM ingakwezedwe?

Pa makalavani ambiri inde. Kampani yopanga kalavani nthawi zina imalemba nambala yotsika kuposa imene chesisi ndi ekiselo zingapirire, ndiye mukapempha kudzera kwa wogulitsa ndi kulipira kangachepe, amakutumizirani kachitsulo ndi chikalata chatsopano. Ena amapindula makilogalamu okwanira kubweza zimene mover yatenga, ena amapeza kuti kalavani yawo ili kale pamalire. Funsani izi musanagule mover, osati mutaiika kale.

Mukakweza MTPLM, yang'ananinso galimoto. Ili ndi malire ake a zimene ingakoke, olembedwa m'buku lake. Mabungwe a Caravan and Motorhome Club ndi Camping and Caravanning Club amalangiza ongoyamba kumene kuti kalavani yodzaza isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Limeneli ndi langizo, si lamulo, koma ndi lanzeru.

Laisensi yanga ikundilola kukoka kalavani?

Kuyambira pa 16 December 2021, ku England, Scotland ndi Wales, amene anakhoza mayeso a galimoto kuyambira pa 1 January 1997 amaloledwa kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Ku Northern Ireland lamuloli silinasinthe. Wobwera ndi laisensi ya ku Malawi kapena ku Zambia amayendetsera miyezi 12 yokha, kenako ayenera kukhoza mayeso a ku Britain. Ya ku South Africa ndi ya ku Zimbabwe imatheka kusinthitsa.

Ndisankhe yopanikiza ndi manja kapena yodzipanikiza yokha?

Apa ndi pamene mitengo imasiyanirana kwambiri. Yamanja, mumagwada pambali pa tayala, n'kulowetsa sipanala yaitali, n'kukankha mpaka rola italuma tayala. Zambiri zili ndi mtanda wachitsulo wodutsa pansi, kotero kuti mukapanikiza mbali imodzi inayo imatsatira, zomwe zimathandiza ngati kalavani imaima mogundana ndi khoma. Yodzipanikiza yokha mumangodina batani pa rimoti. Imadula, ndipo ili ndi timamota tina towonjezera tomwe tingawonongeke, choncho funsani wogulitsa akuonetseni momwe mungaimasulire ndi manja batire likakutherani marola ali pa matayala.

Maganizo anga ndi akuti ngati mawondo ndi msana zili bwino, yamanja ndi yokwanira. Koma ngati mukugula mover chifukwa cha nyamakazi kapena ukalamba, musaumire ndalama. Kugwada m'matope kunja kukugwa mvula ndi chimodzi mwa zinthu zimene mumafuna kuthawa.

Kalavani yanga ili ndi maekiselo awiri. Mamota awiri akwana?

Akhoza kuyendetsa, koma kalavani yotere sitembenukira pamalo amodzi. Matayala anayi amalimbana, ena amakhuluzika pansi, ndiye imakhota mozungulira patali. Mamota anayi, imodzi pa tayala lililonse, amakhota bwino ndipo amakwera chitunda mosavuta, koma kulemera kumafika makilogalamu 60 kapena kuposa, ndipo mtengo umayandikira kuwirikiza. Ngati pakhomo panu ndi pafulati ndipo mpata ndi wotakasuka, awiri akukwanirani.

Nanga makampani ake ndi ati?

Mayina amene mudzakumana nawo ndi Powrtouch, Truma, Reich, AL-KO, Purple Line ndi Emove. Onsewa amalemba kulemera kwa kalavani kumene mota yawo ingakankhe, koma werengani bwino: nambala yaikulu imakhala ya pamalo afulati, ndipo pa chitunda imatsika. Yerekezani nambala ya pachitunda ndi MTPLM yanu, makamaka ngati njira yolowera kwanu ndi yokwera kapena muyenera kudumpha kakhonde ka m'mphepete mwa msewu. Kenako yerekezani kulemera kwa mover yeniyeniyo, zaka za galanti, zomwe kwa ena zimafika zisanu, komanso ngati amisiri awo amabwera pakhomo ikawonongeka. Ya mamota awiri imayambira mapaundi mazana angapo, ndipo yodzipanikiza yokha pamodzi ndi kuika imadutsa £1,000.

Palinso mover ina yomangirira kutsogolo kwa kalavani, pamene pali kagudumu kothandizira. Ubwino wake ndi woti mumaisiya kunyumba, ndiye sidya katundu wanu, koma pa udzu wonyowa kapena pa miyala imaterera chifukwa kutsogoloko kulibe kulemera kokwanira.

Ndingaike ndekha?

Amene amadziwa za magetsi a 12V amaika okha, koma pali chinthu chimodzi chosayenera kuchita: kuboola kapena kuwotcherera chesisi. AL-KO, amene chesisi yawo ili pansi pa makalavani ambiri a ku Britain, amaletsa zimenezi, ndipo galanti imathera pomwepo. Mover imamangidwa ndi zopanira. Onaninso ngati sikutsekereza malo oikira jeke kapena chonyamulira tayala lapadera, ndipo kumbukirani kuti imalendewera pansi, choncho pa mahampu muzidutsa modekha. Mukaika, auzeni a inshuwalansi kuti aiwerengere pa mtengo wa kalavani.

Batire likhale lamphamvu. Ambiri amaika la 100Ah kapena 110Ah, ndipo likhale lodzaza musananyamuke. Mover ikamayenda n'kumaima yokha, kawirikawiri vuto limakhala batire lofooka kapena matayala ochepa mpweya, osati mota.

Kodi ndondomeko yoigwiritsa ntchito ndi yotani?

Handibuleki ya kalavani ikhale yokoka pamene mukupanikiza marola. Akaluma matayala onse, yatsani swichi yaikulu ya mover (pa yodzipanikiza yokha imayatsidwa musanapanikize marola), masulani handibuleki, yendetsani. Mukafika pomwe mukufuna, kokani handibuleki kaye, kenako masulani marola, n'kuzimitsa swichi. Mukayamba ndi kumasula marola pamalo otsetsereka, kalavani yolemera kuposa tani imodzi imayamba kuyenda yokha ndipo simungaigwire ndi manja. Ana akhale patali nthawi yonseyi. Mukailumikiza ku galimoto, zungulirani mbali zonse ziwiri muone ndi maso kuti pali mpata pakati pa rola ndi tayala musanalize injini, chifukwa kukoka marola ali pa matayala kumawononga mota ndi matayala omwe.