Mutu waching'alang'ala usakuchotseni ntchito

Kwa ine umayambira m'maso. Ndili pa desiki kumapeto kwa mwezi, mapepala ali mulu, kenako ndimangoona manambala pa kompyuta akusowa theka, 8 akuoneka ngati 3, m'mbali mukubwera timizere tonyezimira tokhotakhota ngati malata atsopano akawombedwa ndi dzuwa. Nthawi imeneyo mutu sunayambe kupweteka ayi koma ndimadziwa kuti ndatsala ndi mphindi 20 kapena 30 basi. Ukafika umagunda mbali imodzi ngati wina akusinja mumtondo, pafyumu wa mnzanga amandipatsa mseru, ngakhale kulira kwa foni kumachita kundilasa. Ndakhala nawo kuyambira ndili folomu 3 ndipo ntchito ndikugwirabe, kukwezedwa ndinakwezedwako. Uthengawu ndi wa inu amene mwayamba kuganiza zongosiya ntchito, ndi inu amene kuntchito akukuyesani aulesi.

Ndi matenda anji?

Madokotala amautchula migraine. Ndi matenda a muubongo ndi m'mitsempha, si ufiti ndipo si ulesi. M'mutu muli mtsempha wotchedwa trigeminal umene umanyamula uthenga wa ululu kuchokera kumaso ndi m'zikopa zokuta ubongo, nde mwa anthu ngati ife mtsemphawu sumachedwa kudzuka, ukadzuka umatulutsa tinthu tina ngati CGRP timene timakolezera ululu uja. Nthawi zambiri ndi akumtundu, mukafunsa bwino mupeza kuti amayi kapena azakhali ankamanga kansalu m'mutu nkukagona m'chipinda chamdima tsiku lonse, ena mpaka anatemedwa mphini m'mbali mwa maso.

Si inu nokha, padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu 7 aliwonse ali nawo, ndipo amayi ndi ochuluka pafupifupi katatu kuposa abambo. Ukapanda kumwa mankhwala umatha maola 4 mpaka 72. Zizindikiro zake ndi kugunda, kawirikawiri mbali imodzi, mseru kapena kusanza, kudana ndi kuwala ndi phokoso, komanso umakula ukamayenda kapena kukwera masitepe. Zoona timizere zija amazitcha aura, sizichitikira aliyense, mwina mmodzi mwa anthu atatu kapena anayi, zimatenga mphindi 5 mpaka 60 ndipo ena amamva dzanzi padzanja kapena pamilomo. Chowawa nchakuti umavuta kwambiri pa zaka zimene munthu ukumanga moyo wako, ana akufuna fizi, kuntchito akuyang'ana woti amukweze.

Gulani kakope

Ichi ndi chimene chinandisintha ine kuposa piritsi lililonse. Kakope kakang'ono kapena mungolemba pafoni. Mutu ukabwera lembani tsiku, nthawi imene unayamba, munagona maola angati, munadya nthawi yanji, ngati ndinu mayi lembaninso za msambo, mankhwala amene mwamwa ndi ngati anathandiza. Chitani zimenezi miyezi iwiri kapena itatu osadumphitsa. Ine ndinkati mutu wanga umangobwera mwachisawawa, koma nditawerenga kakope kanga ndinapeza kuti masiku ambiri anali omwe ndadumpha nkhomaliro chifukwa cha ntchito, ndi Loweruka ndikagona mpaka 10 koloko nditatha sabata yonse ndikudzuka 5. Ubongo wa munthu wa ching'alang'ala sufuna zosinthasintha, umafuna kugona nthawi yomweyomweyo, kudya nthawi yomweyomweyo.

Zina zodziwika kuti zimaudzutsa ndi ludzu, dzuwa loswa mtengo la mu Okutobala makamaka ukapanikizika mu minibasi mazenera ali otseka, nkhawa komanso kupumula kwadzidzidzi nkhawa ikatha, mowa, fungo lamphamvu ngati la petulo ndi penti, magetsi ophethiraphethira. Khofi ndi wa mbali ziwiri, pang'ono amathandiza ena koma ukazolowera wambiri nkudumphitsa tsiku limodzi mutu ndi umenewo. Musadzimane zakudya zonse chifukwa wina wanena pa WhatsApp, zanu ndi zimene kakope kanu kakuonetsani. Mu dilowa yanga mumakhala mtedza, nthochi, botolo la madzi ndi mankhwala, miting'i ikatalika ndimatuluka kaye ndikadye kenakake.

Za mankhwala

Chachikulu ndi kumwa msanga, ululu ukangoyamba. Ambirife timalimba mtima kuti mwina usiya wokha, pofika pomwa m'mimba mwasiya kale kugaya bwino, mseru wayamba ndipo piritsi silikugwira ntchito bwino. Kwa munthu wamkulu panado, bulufeni kapena asipilini amathandiza ambiri akamwedwa koyambirira. Koma bulufeni ndi asipilini si za munthu wa zilonda zam'mimba kapena vuto la impso, mayi woyembekezera afunse kaye kuchipatala, ndipo asipilini sapatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16. Palinso mankhwala opangidwira ching'alang'ala chenichenicho ngati sumatriptan, amene bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, awa mumwe dokotala atakuuzani chifukwa sayenera munthu wa vuto la mtima, BP yosatsika kapena amene anadwalapo sitiroko.

Apa pali msampha umene wagwira anthu ambiri apantchito, ndipo nanenso unandigwira. Poopa kujomba umayamba kumwa panado tsiku lililonse mmawa, kenako mutu ukumapweteka pafupifupi tsiku ndi tsiku, iwe nkumawonjezera mankhwala osadziwa kuti mankhwalawo ndi amene tsopano akubweretsa mutu. Malire ake ndi awa, panado, bulufeni kapena asipilini akafika masiku 15 pamwezi mwalowa m'vuto, ndipo sumatriptan, mankhwala osakaniza ndi amene muli codeine malire ndi masiku 10. Tiwerenge masiku, osati mapiritsi okha.

Ngati mutu ukukugwetsani kangapo pamwezi, tinene masiku 4 kupita mtsogolo, funsani za mankhwala oteteza. Awa amamwedwa tsiku lililonse ngakhale muli bwino. Odziwika ndi propranolol ndi amitriptyline. Musadabwe mukamva kuti oyambawo ndi a BP ndipo enawo amaperekanso kwa odwala matenda okhumudwa, dokotala sanalakwitse, amagwiranso ntchito pa mutuwu. Propranolol sayenera munthu wa mphumu, amitriptyline amagonetsa nde amamwedwa usiku. Safulumira, apatseni miyezi iwiri kapena itatu musananene kuti alephera. Ndipo ngati masiku a mutu akufika 15 pamwezi kwa miyezi yoposa itatu, pemphani akutumizeni kuchipatala chachikulu.

Amayi, ichi chokha musachiiwale. Ngati mumaona timizere tija, auzeni a zakulera musanalandire njira. Mapiritsi olerera amene muli estrogen amawonjezera chiopsezo cha sitiroko kwa mayi wa ching'alang'ala cha aura, makamaka ngati amasutanso fodya. Njira zina zilipo, jakisoni, ya pamkono, lupu.

Kulankhula ndi abwana

Zaka zanga zoyamba ndinkabisa. Ndinkapita kukasanza kuchimbudzi, nkusamba kumaso, nkubwerera pa desiki, ntchito imene ndinkagwira maola amenewo inali yodzaza zolakwika ndipo mawa lake ndinkaibwereza yonse. Tsiku lina ndinamva wina akuti ameneyu Lolemba lililonse mutu, ndi matsire basi. Zinandipweteka kwambiri. Ndinapita kuchipatala, akiliniko anandilembera m'buku langa lakuchipatala dzina la matendawa, ndipo ndinakaonana ndi abwana tsiku limene ndinali bwinobwino, osati ndili mkati mwa ululu. Ndinati bwana, ndili ndi matenda awa, amabwera mwina kawiri kapena katatu pamwezi, akandipeza ndikamwa mankhwala msanga nkugona pamdima ola limodzi nthawi zambiri ndimabwerera pantchito, ndikachedwa ndimataya tsiku lonse. Ndinapempha zinthu zing'onozing'ono, kusuntha desiki ichoke pazenera lowala, kusintha getsi lophethira lija, nthawi ya nkhomaliro isamadyedwe ndi miting'i, ndi chilolezo chokagona m'kachipinda kosungira mafayilo. Palibe chimene chinadya ndalama zambiri.

Inunso muzidzithandiza. Ntchito yolemera igwireni masiku amene muli bwino, musadikire tsiku lomaliza chifukwa mutuwu ukhoza kusankha tsiku lomwelo. Khalani ndi mnzanu mmodzi wodziwa pamene mwasiyira, naye akadwalitsa mwana mumugwirire. Chepetsani kuwala kwa kompyuta ndi foni, muzidzuka pafupipafupi kuwongola khosi. Ndipo dziwani ufulu wanu, ku Malawi lamulo la Employment Act la 2000 limati wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pachaka, bola pakhale kalata ya kuchipatala. Nde kalata ija muzitenga, musamangotumiza uthenga pafoni.

Aphunzitsi, anamwino a mashifiti ausiku, amayi ogulitsa pamsika dzuwa lili pamutu, aliyense ali ndi povuta pake, chipewa kapena ambulera, magalasi akuda ndi madzi si zamanyado. Oyendetsa galimoto, njinga yamoto kapena makina, timizere tikangoyamba imani pambali, maso amenewo si oyendetsera. Ndipo musakane kukwezedwa kapena kupita kusukulu poopa mutu. Serena Williams, katswiri wa masewera a tenesi wa ku America, wanenapo poyera kuti amadwala ching'alang'ala, koma anapambana zikho 23 zikuluzikulu za Grand Slam payekha.

Mutu uwu ndi wina, thamangani kuchipatala

Kuzolowera ching'alang'ala kusakupangitseni kuyesa mutu uliwonse ndi womwewo. Musadikire mawa ngati mutu wabwera mwadzidzidzi ngati mphenzi ndipo simunamvepo ululu wotere, ngati pali kutentha thupi, khosi louma kapena kusokonezeka, ngati mkono kapena mwendo wafooka, pakamwa papotoka kapena mawu sakutuluka bwino, ngati mwakomoka kapena munamenyetsa mutu, kapena wayamba koyamba mutapitirira zaka 50. Kutentha thupi ndi mutu kwathu kuno kayezetseni malungo, osangogula mankhwala. Mayi woyembekezera mutu ukakula, maso akuchita chidima kapena nkhope yatupa, akayezedwe BP tsiku lomwelo. Ndipo amene ali ndi HIV, mutu wachilendo wosasiya kwa masiku ukhoza kukhala matenda oumitsa khosi, amapha akachedwa koma mankhwala ake alipo.

Popita kukaonana ndi dokotala tengani kakope kaja, buku lanu lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ngakhale ogula pa golosale ndi azitsamba omwe.