Banja Lachikhristu Kunja: Tsiku Lamulungu Silidzisunga Lokha

Mayi wina wogwira ntchito yosamalira okalamba ku England anandifotokozera mmene tsiku Lamulungu limayendera kunyumba kwake. Amaweruka ntchito ya usiku 8 koloko m'mawa, ndipo akamafika pakhomo amapeza mwamuna wake atavala kale nsapato, chifukwa nayenso ntchito yake ikuyamba 10 koloko. Ana awiri ali khale pampando, wamkuluyo maso ali pafoni, Baibulo lili pawindo pomwe linasiyidwa sabata yatha. Mayiyo amadziuza kuti angotsinzina ola limodzi kenaka apite ndi ana kutchalitchi, koma akamadzidzimuka amapeza dzuwa litapendeka. Anandifunsa ngati chikhulupiriro chake chazilala. Pa ntchito yanga yolangiza mabanja okhala kunja kwa dziko lawo funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo kawirikawiri chimene chimakhala chitasintha si mtima wa munthuyo ayi, koma mizati imene inkauchirikiza.

Munthu akakhala kwawo sazindikira kuti chikhulupiriro chake akumunyamulirako anthu ambiri. Anansi akulowera njira yomweyo m'mawa wa Lamulungu, agogo akuphunzitsa zidzukulu nyimbo popanda wowatuma, ndipo ukajomba masabata awiri wina amabwera kudzafunsa ngati kwagwanji. Kunja zonsezi zimachoka tsiku limodzi, ndipo katundu yense amatsalira anthu awiri otopa.

Choyamba kusokonekera ndi kalendala. Ku England ndi ku Wales lamulo la mu 1994 linalola masitolo akuluakulu kutsegula maola 6 tsiku Lamulungu. Wogwira ntchito m'sitolo ali ndi ufulu wokana kugwira tsikuli akapereka chidziwitso cha miyezi itatu, koma ufulu umenewu sukhudza anamwino kapena osamalira okalamba, omwe ntchito yawo siima. Ku Germany zinthu n'zosiyana, pakuti masitolo ambiri amatseka ndithu tsikuli, koma kumeneko mlendo amadabwa ndi china: akalembetsa ku boma kuti ndi wa mpingo wa Katolika kapena wa mpingo waukulu wa Chiprotestanti, amayamba kudulidwa msonkho wa tchalitchi, womwe ndi 8 kapena 9 peresenti ya msonkho wa pamalipiro ake. Ku Qatar masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, Lamulungu ndi tsiku la ntchito, choncho Akhristu ambiri amasonkhana Lachisanu pamalo amene boma linapatulira matchalitchi kunja kwa mzinda wa Doha, pomwe tchalitchi cha Katolika chinatsegulidwa mu 2008. Banja limene likudikira kuti dziko lilipatse tsiku lopembedza lidikira mpaka kalekale.

Ndiye chifukwa chake ndimawauza makolo kuti ndandanda wa ntchito ukangotuluka akhale pansi onse awiri ndi cholembera, aone masiku amene onse adzakhale pakhomo, asankhepo nthawi yopemphera pamodzi asanaikepo china chilichonse. Mphindi 15 zosaphonya zimapindulitsa ana kuposa maola atatu ochitika mwa apo ndi apo. Pa Deuteronomo 6:7 makolo akuuzidwa kuphunzitsa ana akakhala m'nyumba, akamayenda m'njira, pogona ndi podzuka, ndipo malangizo amenewa amalowa bwino m'moyo wa banja limene limangokumana pakhomo wina akulowa wina akutuluka.

Mapemphero a pa intaneti athandiza ambiri, ndipo sindiwanyoza, makamaka kwa amene waweruka usiku. Komabe mbusa wa pakanema sakudziwa dzina la mwana wanu, ndipo mukagonekedwa m'chipatala sadzabwera kudzakuonani. Apa m'pamene pali nkhani imene imavutitsa mabanja ambiri: kodi apite kumpingo wa anthu akwawo, womwe mwina uli mtunda wa maola awiri pasitima ndipo umakumana kamodzi pamwezi muholo yochita lendi, kapena kumpingo wapafupi wa eni dziko, komwe nyimbo n'zachilendo ndipo mapemphero amatha ola lisanakwane bwino? Makolo mtima umakhala kumpingo wa akwawo, ndipo m'pomveka, chifukwa kumeneko amaimba ndi mtima wonse ndi kuseka m'chinenero chawo. Koma maganizo anga ndi akuti mwana amafunika mpingo umene angafikeko sabata iliyonse, komwe angakumaneko ndi anzake omwe amawaonanso kusukulu. Mpingo wakutaliwo ukhale wa masiku apadera.

Nkhani ya chinenero ndiyo imapweteka mwakachetechete. Mwana akangoyamba sukulu, chinenero cha dzikolo chimakula msanga kuposa cha makolo ake, ndipo posakhalitsa mayi amafunsa m'chinenero chawo mwana n'kuyankha m'china. Makolo ena amaumirira kuti pemphero lichitike m'chinenero chakwawo basi, mwana n'kuloweza mawu amene sakuwamva, ngati mmene munthu amaimbira nyimbo yachilendo. Zotsatira zake n'zakuti akafika zaka 14 ndi kuyamba kufunsa mafunso ovuta, amapeza kuti alibe mawu okambirana za Mulungu m'chinenero chimene amaganizira. Ndi bwino nyimbo ndi mapemphero oloweza zikhale m'chinenero cha makolo, pakuti zimenezi zimamulumikiza ndi agogo ake, koma pokambirana tanthauzo la zimene mwawerenga, mulekeni alankhule m'chinenero chimene chikumubwerera msanga pakamwa.

Pali chinanso chimene makolo ayenera kuchidziwa asanagwe m'mavuto. Ambiri anakula akumva Miyambo 13:24 ikutanthauziridwa kuti mwana wolakwa akwapulidwe, koma dziko la Sweden linaletsa kumenya ana mu 1979, Scotland mu 2020, Wales mu 2022, ndipo khoti lalikulu loona za malamulo a dziko ku South Africa linagamula chimodzimodzi mu 2019. Mphunzitsi akaona chipsera pathupi la mwana amakanena kwa oona za chitetezo cha ana, ndipo kunena kuti chipembedzo chanu chimalola sikungakupulumutseni.

Mayi uja ndi mwamuna wake atayang'ana ndandanda wawo anapeza kuti tsiku lokhalo limene onse amagona pakhomo sabata iliyonse ndi Lachitatu. Tsopano akatha kudya madzulo a tsikulo amasunthira mbale pambali, bambo amayambitsa nyimbo m'chinenero chawo, mwana wamkulu amawerenga ndime m'Chingerezi kuchokera pafoni yomwe ija, ndipo wamng'ono amatchula mayina a anthu oti awapempherere. Kutchalitchi chapafupi ana amapita sabata iliyonse ndi banja lina loyandikana nawo, ndipo mayiyo amapita nawo masabata awiri pamwezi amene sanagwire usiku.